Mchere wa Nasibeko m'Gemu ya Achifwamba

Chiletso, mwana wa mlamu wanga Jailosi, watenga dzina la Nasibeko, mzimayi amene anandilandira pamene anthu onse ankandithawa, n'kuliika m'gemu yake ya achifwamba a panyanja kuti likhale dzina la wakupha. Ndayamba ndi zimenezi dala, wina asadzanene kuti namfedwa uyu akungobwebweta. Wolakwa ndi Chiletso. Omuthandiza ndinu amene mumasewera gemuyo pa mafoni anu, amene munamulembera kuti matauni a adani ndi ofewa, awawonjezere ukali. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma kulemba ndimatha, ndipo muwerenga mpaka kumapeto.

Mwamuna wanga anali telala. Atamwalira, atandimeta, mng'ono wake Jailosi anabwera ndi akuluakulu a kwawo, ati ndilowe naye m'nyumba kuti andichotse fumbi la imfa. Ndinakana. Ndinati, mkulu wako dothi la pamanda ake silinaume n'komwe, iwe wasamba kale ndi sopo wonunkhira? Iwo anati basi, mkazi uyu ndi wotentha. Asakhudze mchere, asaphikire munthu. Wodya ndiwo zothira iye adzatupa miyendo n'kufa ndi chifuwa. Kwathu kumene ndinabadwira mbiri inali itafika kale. Akazi a alongo anga anandipatsa mbale yangayanga n'kundilozera khola lakale la mbuzi. Ndinakulunga mutu wa makina osokera m'nsalu, n'kusenza, n'kuyamba kuyenda.

Zaka zake musandifunse. Mvula inkabwera n'kupita, ine ndili pamsewu. Matauni ake mayina sinditchula, chifukwa ndaona chimene mumachita ndi dzina mukaligwira. Ndipo chiyambireni kuona gemu ija, matauniwo amandibwerera masana ndikamasinza pabenchi yanga ya matimati. Amabwera atazunguliridwa ndi madzi, ine amene nyanja yamchere sindinaionepo. Ndimafika pa chombo, nsalu yanga yakuda ya maliro itapachikidwa pamtengo wake, ndipo ndimatsika ndekha ndi mutu wa makina pamutu. Chimene chinachitikadi ndi chimene ndimalota zasakanizika ngati mpunga ndi mchenga. Ndikuuzani zonse pamodzi, musankhe nokha.

Yoyamba inali tauni ya fumbi lofiira. Ndinaima pa nyumba yoyamba n'kunena odi. Anatuluka mzimayi wa mwana kumbuyo. Anayang'ana mutu wanga wometa, anayang'ana nsalu.

"Amuna anu?"

"Anatisiya."

"Pepani. Nanga mwambo unatha?"

"Sunathe."

Madzi anandipatsa, sindinama. Anandipatsira m'chitini chakale cha mafuta ophikira. Nditamwa, anachinyamula ndi kamtengo n'kukachiponya kudzala. Kumeneko ndinaphunzira kuumba njerwa. Kuponda dothi mpaka lileke kukakamira pachidendene, kunyowetsa chikombole, kumenya kamodzi kokha ndi kutsegula osagwedeza. Dothi silinandifunsepo za mwambo. Ndinkagona kuseri kwa mulu wa njerwa zosawotcha, ndipo zinkandisungira kutentha kwa dzuwa. Kenako uvuni wina unang'ambika pakati ukuyaka. Mwini wake anali atapanikiza nkhuni zaziwisi, aliyense anaona. Koma anati ndi kutentha kwa mayi uja. Anandichotsera chopukusira cha makina, ati chindapusa, n'kundiperekeza ndi zibuma mpaka kumsewu. Ndikamalota tauni imeneyi tsopano, pamwamba pa uvuni pamakhala mzinga wankhondo, ndipo mzimayi wa chitini uja amakhala ataima pa doko, akundidikira ndi kamtengo kake.

Yachiwiri inali tauni ya mlatho. Tsitsi linali litamera, nsalu itasanduka yotuwa. Ndinaganiza kuti palibe adziwe. Ndinanena odi. Anatuluka mzimayi wonenepa, akumwetulira.

"Fikani, mayi. Ndinu aja a ku njerwa eti? Mwambo uja unatha?"

Mbiri inkakwera minibasi, ine ndinkayenda pansi.

Kumeneko palibe anandikalipira. Ngakhale agalu sankandiuwa. Ankangoimirira n'kumandiyang'ana, ndikadutsa n'kukhalanso pansi. Ndikaika chigubu changa pamzere wa pamjigo, ndikangotembenuka ndinkachipeza kumapeto. Palibe dzanja ndinaliona likuchisuntha. Onse akuseka nane, akundifunsa ngati ndadzuka bwino, chigubu chili kumapeto. Dzuwa linkafika paliwombo, chigubu chili kumapeto. Ndinayamba kumwa madzi a pansi pa mlatho, pamene ankachapira matewera. Pansi pomwepo ndinaphunzira kuswa miyala. Mwala uli ndi msempha wake. Ukaupeza umatseguka ngati papaya, ukaphonya umakubwezera nyundo pachala. Ndinkaswa mulu, m'mawa n'kupeza wachepa, mulu wa mnzanga wakula, mnzangayo n'kundipatsa moni wa ulemu. Kachitsulo kosungira ulusi wapansi kanasowa m'makina ndili pomwepo. Ndinachoka ndekha, palibe anandithamangitsa. Mzimayi wonenepa uja anandibayibitsa, ati muyende bwino, mudzatiyenderenso.

Panali matauni ena ang'onoang'ono pakati. Kwina ndinapalira m'minda ya anthu, chakudya ankandiikira pachitsa ngati cha galu. Kwina ndinawotcha makala. Kwina sindinaime n'komwe, ndinangoona azimayi akulowetsa ana m'nyumba.

Kenako tauni ya njanji. Kumeneko ndinati sindiyankhanso funso la munthu. Ndinanena odi, anatuluka mzimayi wa ufa m'manja. Sanafunse kanthu. Anandipatsa mpando, anandipatsa madzi m'kapu yake yomwe. Anali wa mandasi, ndipo ankafuna wokazinga. Ndinaphunzira kumva mafuta ndi khutu, kudziwa kuti apsa osaponyamo kanthu, kutembenuza ndi waya osaboola. Mchere wa mu ufa ankathira yekha poyamba, kenako anatopa n'kundisiyira. Ndinayamba kunenepa. Ndinayamba kuimba pokazinga. Tsiku lina mwana wa woyang'anira sitima anayamba kutsokomola, tsiku lomwelo munthu wa ku mlatho anatsika sitima n'kundiona, n'kuulula zanga.

Amene anayamba kundimenya anali mzimayi yemwe uja wa mpando. Ankalira uku akumenya, ati ndinakukhazika pampando wanga. Mano awiri akutsogolowa anatsalira komweko pakati pa miyala ya njanji. Mutu wa makina anautenga mwamuna wina n'kuuika pa njinga, ine ndikuona. Unali chitsulo chabe nthawi imeneyo, chosasoka, koma pamene chala cha mwamuna wanga chinkagwira panali potha utoto. Khosi langa linapepuka, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkayenda chopepesuka ngati woledzera, chifukwa ndinali nditazolowera kulemedwa. Kumeneko ndinaphunzira kuti tauni yoopsa kwambiri ndi imene imayamba yakukhazika pansi.

Yomaliza inali paphiri, tauni ya mphepo. Sindinanene odi paliponse. Ndinadutsa nyumba zonse mpaka kumapeto, pafupi ndi chigayo, n'kukhala pansi chifukwa miyendo inakana. Pafupi panali mzimayi wotsimphina mwendo wamanzere, akusonkhezera moto pamphika waukulu wa nyemba. Ankaphikira antchito a pachigayo ndi anthu odzagayitsa. Ameneyo ndiye Nasibeko.

"Inu achemwali, mwakhalira mphepo bwanji? Sunthirani kuno."

Ndinatopa ndi kudikira kuti nditulukiridwe. Ndinati, "Ndine namfedwa. Mwambo sunathe. Ndinakana."

"Ndakufunsani ine?" Anandiponyera kabotolo pamiyendo. "Thirani mchere, mlendo, manja anga ali ndi makala."

Ndinaganiza kuti sanamve. Ndinabwereza zonse, mokweza.

"Ndamva, sindine gonthi. Mwendo ndi umene unafa. Thirani msanga, anthu a njala akubwera. Koma musachulukitse, mcherewo ndi wogula."

Ndinathira. Anadya iye woyamba, anadya ana ake, anadya a pachigayo. Nyengo yonse imeneyo ndinkangoyang'ana miyendo ya ana aja. Nasibeko ankandiseka. "Mukuyang'ana miyendo ya mwana wanga Enelesi ngati mukufuna kumugula. Ngati mukumufuna tengani, amadya kwambiri." Mbiri itakwera phiri, anthu analeka kugula nyemba zake. Ndinamanga kathumba kanga kuti ndichoke. Anandilanda n'kukhalira. Anati, "Njala iwabweza amenewo, chigayo sichisamuka." Anabwereradi, mmodzimmodzi, akuyang'ana kumbali. Ndinakhala kumeneko mpaka Enelesi, amene ndinam'peza akuyamba sukulu, anamera mawere. Ndinaphunzira kuphikira anthu ambiri, kuviika nyemba, kudziwa kuti wantchito wotopa amafuna msuzi osati mawu. Ndinaphunziranso kugona tulo osaika mwala pafupi ndi mutu.

Pambuyo pake ndinabwera kuno ku mzinda, n'kupeza benchi ya matimati pafupi ndi kometera tsitsi. Jailosi anafa, kumaliro sindinapite. Ndiye chaka china anatulukira mnyamata wamtali wa magalasi, atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano. Anagwada pafumbi ndi buluku lake loyera.

"Amayi aakulu, ndine Chiletso. Bambo anakulakwirani. Ndikufuna ndimve zonse zimene munadutsamo."

Mwamva? Amayi aakulu. Munthu wa ku banja limenelo anali asanandifunsepo ngakhale kuti mwadzuka bwanji. Ndinam'patsa mpando. Anaika foni pakati pa matimati, ndinayankhula mpaka kukamwa kuuma. Anabweranso, n'kubweranso. Mafunso ake anali achilendo. Agalu ankaima patali bwanji? Chinakuopsani kwambiri n'chiyani, zibuma kapena kumwetulira? Munkadziwa bwanji kuti tauni yatembenuka? Ndinkati mwana uyu ali ndi mtima, akufuna amve mpaka m'mafupa. Za Nasibeko ndinamuuza monyadira. Dzina, chigayo, mwendo, mphika, mawu ake enieni. Ndinati, ngati udzalembe penapake, ulembe kuti m'dziko muno munali munthu mmodzi.

Analemba.

Tsiku lina masana ndikusinza, ndinamva mawu a nkhalamba akuchokera kometera tsitsi: "Thirani mchere, mlendo." Ndinadzuka ngati ndalumidwa ndi chinkhanira. Azibambo odikira kumeta anali ataunjikana pa foni imodzi. Ndinawakankha. Pagalasi la foniyo panali doko, chombo, nyumba zotseka, agalu oima chete. Kumapeto kwa tauni, pafupi ndi chigayo, mzimayi wotsimphina ndi mphika wake, dzina litalembedwa pamwamba pa mutu. Nasibeko. Wosewerayo anathira mchere, munthu wake wa m'gemu n'kudya. Miyendo inayamba kutupa, akulephera kuthamanga. Mzimayi uja anaseka n'kuliza belu, tauni yonse n'kutuluka ndi zikwanje.

"Aise, wapusa!" anatero wometa. "Gogo ameneyu sumayankhula naye. Ukangotsika chombo, thamangira kuchigayo, umuwombere kaye, kenako zina zonse."

Anayambiranso. Anamuwombera. Mphika unagubuduka, onse anaseka. Anamuwomberanso wina, n'kumuwomberanso wina, ine nditaima pomwepo ndi thumba la matimati m'manja.

Ndinakam'peza Chiletso kuchipinda chake. Makompyuta awiri patebulo, makatani otseka masanasana. Sanagwade ulendo uno.

"Anti, khalani pansi ndikufotokozereni. Poyamba m'matauni a adani munali mizinga ndi asilikali basi. Anthu ankalowa, kuba, kutuluka akuyasamula. Ankandilembera kuti gemu yako ndi ya ana. Inuyo ndi amene munandipatsa nzeru. Chigubu chosafika kutsogolo, mbiri yotsogola, agalu aja. Panopa munthu akatsika chombo thukuta limatuluka m'manja. Mpaka anthu akunja akusewera."

"Za chigubu tenga. Za agalu tenga. Mano anga awa tenganso ngati ukuwafuna. Nasibeko anakulakwira chiyani?"

"Ndinayesa kumuika ngati wabwino, anti. Zinaononga zonse. Mukasiya khomo limodzi lotseguka m'tauni ya adani, aliyense amangothamangira komweko, mantha onse amatha. Ndiye ndinakumbukira zimene munanena, kuti yoopsa ndi imene imayamba yakukhazika pansi."

"Ameneyo anali wa mandasi, chitsiru iwe! Wa ku njanji!"

"Ndinawaphatikiza. Wa mandasi simunandiuze dzina. Komanso Nasibeko limamveka bwino."

Limamveka bwino. Ndinayang'ana makutu ake, ndi a Jailosi enieni. Bambo ake ankafuna thupi langa kuti mudzi ugone tulo, mwana akufuna dzina la mnzanga kuti alendo atuluke thukuta. Ndinamuuza kuti alichotse lero, aike la bambo ake ngati akufuna lomveka bwino. Anavula magalasi n'kumapukuta.

"Sizophweka, anti. Anthu analizolowera. Koma chabwino, ndiwafunsa. Akavomera ndisintha."

Anakufunsanidi. Anandiwerengera mayankho anu pabenchi yanga, akuganiza kuti ndimvetsa. Wina ati musam'khudze gogoyo, ndiye mchere wa gemu yonse. Wina ati ine ndimasewera kuti ndikamuphe iyeyo basi. Wina ati mum'patsenso ana, azitisaka tikathawa. Ndipo anam'patsadi ana. Panopa mukathawa kuchigayo, kamtsikana kamakutsatirani m'tinjira kakuloza chala.

Kuyambira pamenepo ndikasinza, chombo chimandidutsitsa matauni onse, ndipo ulendo uliwonse amakhala atakula mano. Ku fumbi lofiira chitini chabooka. Ku mlatho mjigo wachotsedwa chogwirira, koma mzere ulipobe. Ku njanji mpando umandidikira pa doko penipeni. Ndimapirira zonsezo chifukwa ndikudziwa kuti kutsogolo kuli phiri. Ndimakwera, mphepo ikuwomba, ndimamva chigayo, ndimaona utsi. Ndikayang'ana m'manja mwanga ndimapeza muli mfuti. Sindidziwa wandipatsa ndani. Nasibeko amatembenuka n'kuyamba kumwetulira, ine n'kudzuka ndikukuwa, ogula matimati n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinati ndipite ndikamuuze ndekha asanamve kwa ena. Ndinachedwa. Magetsi a pachigayo anabereka kachipinda ka magemu pambali pake. Pakhoma la Nasibeko wina anajambula belu ndi makala. Ana a sukulu ankadutsa akukuwa mawu aja n'kuthawa akutsimphina dala. Pamalo pa mphika panali phulusa lakale, lonyowa ndi mvula. Ananditulukira Enelesi, mzimayi wamkulu tsopano, wa ana akeake. Anandizindikira. Sanamwetulire.

"Mnyamata wa kwanuyo dzina la amayi analidziwa bwanji?"

"Ndinamuuza ine. Ndinkawayamikira."

"Munawayamikira bwino. Anthu akuti nkhani singafike pa foni popanda chifukwa. Akukumba maliro akalekale, akuti uje anadya nyemba za pano, uje anatupa. Amene anabwera ku chinkhoswe changa ndi amene akunena. Mwana wanga wang'ambidwa khutu kusukulu. Mphika ndinaleka, ndiphikire ndani? Amayi maso anafa, koma makutu akumva. Amandifunsa kuti anawa akunditchuliranji, ine ndimati akusewera."

"Ndiloleni ndiwaone, mwananga."

"Madzi ndikupatsani. Mumwere pompo."

Mkatimo munamveka chifuwa, kenako mawu aja, ochepa tsopano koma omwewo.

"Enelesi, ukuyankhula ndi ndani?"

"Palibe, amayi. Wodutsa."

"Ngati ndi wodutsa mulowetse. Kunjako kuli mphepo."

Ndikanangotsokomola akanandidziwa. Ine amene ndinayankha Jailosi pamaso pa akuluakulu, amene sindinabisepo mawu ngakhale pamene ankandigulula mano, ndinaima duu. Ndikanalowa ndikananena chiyani? Kuti dzina lanu ndinalipereka kwa mwana wa mdani wanga, ndipo panopa anthu amene simunawaonepo amakuwomberani akudikira kumeta? Enelesi anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire. Ndinatsika phiri.

Chiletso akuti iye alibe mphamvu, mphamvu ndi yanu. Akuti mukanena kuti dzina lichoke, lichoka tsiku lomwelo. Ndiye ndabwera kwa inu. Matauni oopsa mukuwafuna, khalani nawo. Onjezerani agalu, onjezerani zikwanje, ikanimo ndi ine ndi mano anga oguluka muzindiwombera m'mawa ndi masana, sindidandaula, ndinazolowera. Koma inu munayamba mwafikapo pamalo pamene chitini chimene mwamwera chimanyamulidwa ndi kamtengo? Inu mukafa mumadina n'kuyambiranso. Nasibeko chifuwa chija sichimudikira, ndipo sindikufuna apite akuganiza kuti ana akusewera, kapena, choipa kuposa, atadziwa kuti sakusewera.

Ndibwereranso kuphiri kuja, ndipo ulendo uno ndilowa ngakhale Enelesi andimenye ndi munsi. Ndikufuna ndikanene kuti dzina lachotsedwa. Iwe amene unalemba kuti umasewera kuti ukamuphe iyeyo basi, ndi iwe wopempha ana, ndi inu nonse amene munangowerenga n'kuseka: lichoka kapena silichoka? Benchi yanga ili pafupi ndi kometera, simungaiphonye, mwini wake alibe mano akutsogolo. Musanditumizire shuga. Ndiyankheni.